Apongozi m'kalavani ya ku Joni

Alamu anga amene amagwira ntchito ku Joni anabwera ndi kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto kaja, kokhala ndi mabedi, sinki ndi furiji ya gasi. Pobwerera anaisiya pakhomo pathu ku Mangochi boma, nati: "Alamu, mukafuna kukagona kunyanja ingoitengani. Za majeke musade nazo nkhawa, imadziwongola yokha. Inu mungodina batani basi."

Loweruka lina tinanyamuka wa ku Cape Maclear: ine, mayi a kunyumba, ana, ndi apongozi, amene anakulira ku Namwera koma Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear komweko, anali asanamupondepo. Pa M10 tinayenda ngati mabwana, akabaza akutembenuka kutiyang'ana. Tinapatuka tisanafike ku Monkey Bay, n'kudutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980. Izi ndinawafotokozera apongozi mokweza ndithu, kuti adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Malo amene anatipatsa anali okongola, pansi pa mtengo, madzi ali pomwepo. Koma gombe lonse limatsetserekera kunyanja, ndipo pansi ndi mchenga wokhawokha. Ndinamasula kalavani ku galimoto, ana a m'mudzi atandizungulira kale, ndipo ndinadina pomwe panalembedwa kuti Auto Level.

Chimene chimachitika n'chakuti pansi pa kalavani pali majeke anayi oyendera batire ya mavolti 12, ndi kachipangizo kamene kamamva mbali yomwe yapendekeka. Jeke aliyense amatsika mpaka kugunda pansi, kenako amakankha pang'onopang'ono mpaka nyumba itakhala tayale. Makinawo amafuna zinthu zitatu: pansi polimba, batire yodzaza, ndi anthu onse atuluke, chifukwa wina akamayenda m'katimo kachipangizo kaja kamasokonezeka. Zonsezi zinalembedwa papepala lomata kuseri kwa kachitseko, lomwe mwana wanga wamkulu anationetsa madzulo, zitatha kale.

Majeke a mbali ya kumtunda anagwira. A mbali ya kunyanja anangolowa mumchenga, nyuu, kulowabe, ngati akufuna kukumba mjigo. Kalavani inalira, inanyamuka pang'ono, inabwerera. Inaweramira kutsogolo, kenako kumbuyo. Ndipamene ndinamva poto akugubuduzika m'katimo, ndi mawu akuti, "Amayi ine!"

Apongozi anali atalowa kuthawa dzuwa, n'kuyamba kupala chambo pasinki.

Tsono apa mundimvetse. Nyumba ikapendekera uku, iwo amathawira uko. Akathawira uko, makina amaona kuti zasinthanso, n'kuyamba kukankha kwina. Mankhwala ake anali mawu awiri okha: khalani pansi. Koma ndi mkamwini uti angakalipire apongozi ake pagulu kuti khalani pansi? Ndinatembenukira kwa mayi a kunyumba: "Amake Chisomo, tawapemphani mayi, ngati n'kotheka, apumuleko kaye pampando." Uthenga usanafike pazenera, iwo anali atathamangira kale kuchitseko, chomwe chinakana kutseguka chifukwa nyumba yonse inali itapotoka. Yankho linabwera kudzera njira yomweyo: "Awuzeni bambo a Chisomo kuti ngati ndawakwana m'nyumba mwawo anene, osati kundiponya m'nyanja."

Pagalasi la makina panalembedwa kuti Out of stroke, kutanthauza kuti jeke watambasuka mpaka pomaliza. Ndinadinanso. Panabwera Low voltage, kutanthauza kuti batire yafooka, nyali yofiira inaphethira, zonse zii. Kalavani inatsala itakweza tayala limodzi m'mwamba likuzungulira lokha, chambo chili pansi pa bedi, apongozi atakhala kukona akuimba nyimbo ya Chigwirizano cha amayi motsitsa mawu.

Anatipulumutsa ndi mkulu wina amene ankasoka ukonde chapafupi, ndipo anaonerera zonse osanena kanthu. Anabwera atanyamula matabwa a boti lakale. "Achimwene, apa ndi pamchenga," anatero, ngati ine sindikuona. Anayamba waika miyala kumatayala kuti ngolo isatsetsereke, ntchito yomwe imayenera kuchitika musanamasule n'komwe. Anafufuza pa jeke n'kupeza mutu wa bawuti wopukusira pamanja magetsi akatha. Tinabweza majeke onse ndi sipanala, ine thukuta kamukamu, tinayala matabwa pansi pa aliyense, n'kuyambanso kupukusa. Choyezera chake chinali botolo la Fanta lothira madzi theka, lomwe analigoneka pakhomo n'kumasuzumira. "Uko pang'ono. Basi. Uku tsopano." Chitseko chinatseguka chokha.

Apongozi anatsika mwaulemu wonse, anakonza duku, anagwada n'kuthokoza mkulu uja kwa nthawi yaitali. Ine sanandiyang'ane. Usiku anayala mphasa pansi pa mtengo, nati udzudzu ndi anyani amazidziwa, koma nyumba yovina ayi. Furiji nayo inali itasiya kuzizira, poti ya gasi sifuna kupendekeka, ndiye nsomba zotsala tinagawira ana aja, amene anali atandipatsa kale dzina loti Abatani.

Lamlungu m'mawa ndikumangirira kalavani ku galimoto, ndinawaona apongozi ali pamsewu ndi kachikwama kawo, akukambirana mtengo ndi wa matola wopita ku Monkey Bay.