Ulendo wathu wa kuchigwa cha Shire ndi kabokosi koyeza mpweya

Tinanyamuka ku Chichiri m'mamawa, ophunzira asanu ndi awiri a zauinjiniya ndi mphunzitsi wathu. Kabokosi kathu ndinakafungata pamiyendo njira yonse, nditakakulunga m'chitenje, poopa kuti mawaya angaduke potsetsereka ku Thabwa. Titawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, m'minibasi munatentha ngati tayandikira ng'anjo ya njerwa.

Tinkapita kuchipatala china cha m'chigwamo kukayesa chipangizo chomwe tachivutikira miyezi isanu. Ntchito yake ndi kuyeza mpweya wotuluka m'makina a okosijeni. Mumpweya womwe timapumawu, okosijeni ndi magawo 21 okha pa 100 alionse. Makinawo amakoka mpweya wa m'chipinda n'kuudutsitsa m'timibulu totchedwa zeolite, tomwe timagwira nayitirojeni, kuti wodwala alandire okosijeni wopitirira magawo 90. Koma fumbi likatseka sefa, kapena chinyontho chikalowa m'timibuluto, makina amangolirabe ngati ali bwinobwino pamene akupereka mpweya wamba. Izi ndi zomwe zimandisowetsa tulo, chifukwa mayi amakhala pambali pa mwana wake akukhulupirira kuti akuthandizidwa.

Chomwe chinkatilimbitsa mtima ndi nkhani ya Pumani, makina othandiza makanda kupuma. Makina amenewa anayambira m'manja mwa ophunzira a ku Rice University ku Houston, omwe anagwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'madzi osungiramo nsomba. Atayesedwa kuchipatala cha Queen Elizabeth mu 2012, mwa makanda ovutika kupuma omwe anaikidwa pa Pumani, 71 pa 100 alionse anapulumuka, pamene mwa olandira okosijeni yekha anapulumuka 44 pa 100 alionse. Tinkati, ngati anzathu anatha, ifenso titha.

M'wodi ya ana obadwa masiku asanakwane tinalowa titavula nsapato. Tinalumikiza kabokosi, manambala anaoneka, ndipo titatsekako dala mpweya, kanalira mokweza monga tinakapangira. Namwino wamkulu anayang'ana osalankhula, kenako anati, "Ana anga, usiku muno ndimakhala ndekha ndi makanda oposa khumi. Chilichonse muno chimalira. Ndikadzamva kanuka ndidzadziwa bwanji kuti ndi bedi liti?" Anatipempha nyali yofiira yooneka ali pakhomo. Anatilozeranso khoma: soketi inali imodzi, ndipo makina a okosijeni anali atatenga kale malowo.

Palibe mmodzi wa ife amene anaganizirapo za soketi.

Nthawi yambiri tinathera m'kachipinda ka bambo wokonza makina. Anatsegula makina amodzi, nachotsa sefa yomwe inali itafiira ndi fumbi, n'kuitsuka m'beseni ndi sopo wamba. Anatichenjeza kuti sefayo isabwezeretsedwe isanaumitsitse, apo ayi madziwo akaononga timibulu tija. Mnzathu wina anafunsa za sensa yathu, kachipangizo koyeza okosijeni m'kabokosimo, yomwe tinaitanitsa kunja. "Ikafa, ndikaigula kuti, achimwene?" anafunsa bamboyo. Mphunzitsi wathu sanatiyankhire, ndipo ndikuona kuti anachita bwino kutisiya tivutike nalo funsolo.

Nsima tinadya pamsika, ya nsomba ya mlamba, titakhala pansi pa mtengo ndi makope pamaondo. Tinakangana kwambiri. Ena ankati tichotse belu, ena ankati likhalepo koma lizilira pang'ono. Ine ndili kumbali ya namwino uja: nyali ikhale patsogolo, belu libwere pambuyo, ndipo kabokosi kaziyendera batire yotchaja yomwe imapezeka pa Limbe.

Tisananyamuke, namwino uja anamata kachidutswa ka pulasitala pakhoma, pamwamba pa bedi lachitatu, kutisonyeza pomwe nyaliyo iyenera kukhala kuti aziiona ali pakhomo. Tinayeza ndi tepi, mamita awiri kuchokera pansi, ndipo muyezo umenewu ndi womwe tayambira pojambula kabokosi kachiwiri.