Njovu zili pa Liwonde pomwepa, bwanji sitipitako?

Ambiri a ife Liwonde timangomudziwa ngati malo odutsa basi, minibasi yaima pafupi ndi Kamuzu Barrage, anyamata akukubayira nsomba ndi mango pawindo, thukuta lili chuchuchu, kenako ulendo wapitirira wa ku Balaka kapena ku Mangochi. Koma ukangopatuka pang'ono msewu wa ku Ntaja uja pali geti la paki, ndipo kuseri kwa getilo kuli njovu mazanamazana zomwe azungu amakwerera ndege usiku wonse kudzaziona, pomwe ife a ku Zomba kuno ndi ulendo woti ukanyamuka utamwa tiyi ukafika dzuwa lisanapse. Ineyo ndakula mpaka kumera imvi ziwiri zitatu njovu ndikungoiona pa TV ndi m'buku la sitandade 3.

Nde mwezi wa October tinapita, ine, mlamu wanga ndi ana ake. Anthu amati October ndi mwezi woipa chifukwa cha kutentha, ndipo zoona Liwonde amawotcha osati masewera, koma kwa ofuna kuona nyama ndiyo nthawi yake chifukwa madzi a m'tchire amakhala ataphwa nde chilichonse chimatsikira ku Shire. Pa geti Amalawi timalipira ndalama zochepa poyerekeza ndi alendo akunja, bola ukhale ndi ID yako.

Tinayamba ndi galimoto, m'mitengo ya tsanya muja. Agwape, nyani, njiri zikuthamanga michira ili njo, zonsezo zinalipo koma ana amangofunsa kuti njovu zili kuti. Gayidi wathu, bambo wachikulire ndithu wosalankhula zambiri, anangoimitsa galimoto nkutilozera pansi. Ndowe. Mulu waukulu wofunda, wodzadza ndi udzu wosagayika komanso nthangala za zipatso, akuti njovu chakudya chake sichigayika chonse nde ndowe zake ndi zomwe zimafesa mitengo m'tchiremo. Chapafupi panali mlambe wosendedwa khungwa mpaka mmwamba, mitengo ing'onoing'ono yothyoledwa pakati ili ngundangunda. Njovu yaikulu imatha kudya makilogalamu oposa 100 pa tsiku, nde mukaona mmene tchirelo likuonekera simungadabwe.

Koma pa boti mpomwe panali nkhani. Shire wa mu paki muja si yemwe timamuona pa mlatho, ndi wotakata, mabango mbali zonse, migwalangwa italiitali kumtunda, mvuu zikungotulutsa maso ndi makutu, ng'ona zitayasama pamchenga, nkhwazi ikulira pamwamba. Tikukhota penapake woyendetsa anazimitsa injini. Banja lonse la njovu lili m'madzi mpaka m'mimba, zikuzula mabango ndi chitamba, kuwamenyetsa m'madzi kuti matope achoke kenako kuponya mkamwa. Chomwe sindidzaiwala ndi phokoso lake, kapena nditi kusowa kwa phokoso, chinyama chachikulu chonchija koma umangomva madzi akudontha ku chitamba ndi kutafuna, basi. Penapake mumamveka kugunda kwa pansipansi ngati lole yomwe ikubwera patali, gayidi anati zikulankhulana, ndipo mawu ena amakhala otsika kwambiri moti khutu la munthu silimva koma zinzake zimamva kutali.

Panali kamwana kamodzi koti chitamba sikanachizolowere, kamangochiponyaponya uku ndi uku mpaka kanagwada nkumwa ndi pakamwa. Mwana wa mlamu wanga anaseka mokweza, nthawi yomweyo njovu yaikazi yaikulu ija inatembenuka, makutu tambasu, kutiyang'ana. Gayidi anangoti chapansipansi, "Amayi, auzeni ana akhale chete, aja ndi agogo ake a banjali." Gulu lotere limatsogoleredwa ndi yaikazi yokalamba, ndiyo imadziwa kokamwa madzi ndi njira zodutsa, pomwe amphongo akakula amachoka nkumakayenda okha kapena ndi amphongo anzawo. Mimba ya njovu ndi miyezi 22 aise, pafupifupi zaka ziwiri, nde mukumva chifukwa chake pa mwana sizifuna zocheza. Patapita kanthawi zinawoloka mtsinje, pakatikati zonse zinamira kungotsala nsonga za zitamba pamwamba, ife kukamwa yasa.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo si yaikulu kwenikweni, ndi masikweya kilomita pafupifupi 550. Kwa zaka zambiri inavutika ndi opha nyama mozemba, misampha ya waya inali paliponse, komanso njovu zimangotuluka kukadya m'minda ndipo anthu amafa. Mu 2015 boma kudzera ku dipatimenti ya Parks and Wildlife linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa pakiyi, iwo anamanga mpanda wamagetsi kuzungulira, nkuchotsa misampha yoposa 30,000. Kenako anabweretsa ma cheetah mu 2017, mikango mu 2018, ndipo mu 2019 kunabwera zipembere zina 17 kuchokera ku South Africa. Mikangoyo ife sitinaione, ndipo kunena zoona sindinadandaule.

Vuto la Liwonde linali loti njovu zinachuluka kuposa malo. Nchifukwa chake mu 2016 ndi 2017 anasamutsa njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, zambiri kupita nazo ku Nkhotakota komwe zinali zitatsala zosakwana 100 pomwe kale zinaliko zoposa 1,500. Prince Harry naye anabwera kudzagwira nawo ntchitoyo, mwina mukukumbukira zithunzi zija. Kasamutsidwe kake nkodabwitsa, amazilasa ndi jakisoni wogonetsa ali mu helikopita, banja lonse pamodzi kuti mwana asasiyane ndi make, amaika kamtengo kunsonga kwa chitamba kuti chisatsekeke njovu ingabanike, makutu amaphimbira maso, kenako kireni imazinyamula miyendo ili mmwamba nkuzilowetsa mu malole. Tangoganizani chinyama cha matani angapo chikulendewera chadodolido.

Apa nde pomwe mlamu wanga anayamba kundiononga chisangalalo, poti iyeyo kwawo ndi ku Kasungu. Mu 2022 njovu zina 263 zinachoka ku Liwonde komweku kupita ku Kasungu National Park, ndipo mpanda wa kumeneko unali usanazungulire paki yonse. Zomwe zinatsatira zinamveka pa wailesi ndi m'manyuzipepala, minda kudyedwa, nkhokwe kugumulidwa, anthu kuphedwa, mbali ya kuno komanso mbali ya Zambia poti pakiyo yagona m'malire. Mlamu anati ife tikujambula pa foni apa nkumati zokongola, koma kwawo munthu wagula feteleza wa ngongole, chimanga chafika poti nkuwotcha, usiku umodzi njovu zalowa, mmawa munda uli mbee. Anthu amagona kumunda akumenya zitini, kusonkha moto, ena kufukiza tsabola chifukwa njovu zimadana ndi fungo lake, ena amapachika ming'oma ya njuchi m'malire a munda, koma njovu yanjala ikaganiza zolowa umangothawa.

Sindinamutsutse. Ine ndimaona kuti a m'tauni timafulumira kunena anthu akumudzi kuti ndi ankhanza akapha nyama, chonsecho ifeyo njovu tikuionera pa boti tili ndi Fanta wozizira m'manja. Kusamala njovu nkwabwino, ndipo ndi chuma chathu ndithu, anthu ambiri a ku Machinga ndi Balaka akudyera pomwepo, ma ranger, ma gayidi, ophika m'malo ogona alendo. Koma mpanda uzibwera kaye njovu zisanabwere, ndipo amene munda wake wadyedwa asamangouzidwa kuti pepani. Zimenezi zikapanda kukonzedwa ngakhale mutaphunzitsa bwanji anthu za ubwino wa nyama zakutchire palibe angamve.

Komabe pitaniko. Simukuyenera kukagona ku Mvuu, malo ogona alendo a mkati mwa paki aja, ngati thumba silikulola, kuli malo ena otchipa kufupi ndi geti, kapena mungopita mmawa nkubwerako madzulo. Nyamukani mbandakucha chifukwa masana nyama zimabisala pamthunzi, tengani madzi ambiri ndi chipewa, ndipo ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha pakati pa galimoto ndi boti, sankhani boti. Nyengo ya mvula misewu ina ya mkati imavuta nde funsani kaye musananyamuke. Ndipo chonde musatsike m'galimoto kuti mujambule selfie, njovu imathamanga kuposa inu ngakhale mutakhala kuti munali katswiri wa 100 mita ku sekondale.