Nsima ya Lachisanu Loyera ku Chilomoni

Amene akufuna kudya bwino mu Blantyre pa tchuthi cha Pasaka asataye nthawi ndi m'tauni. Lachisanu Loyera msewu wa Victoria Avenue umangoti zii. Mabanki otseka, maofesi otseka, ndipo amayi amene masiku a ntchito amagulitsa nsima ya masana kuseri kwa maofesi nawonso sabwera, poti odya ake kulibe. A ndalama zawo amakhala atapita kale kunyanja ku Mangochi, ena ku Likhubula kunsi kwa phiri la Mulanje. Otsala onse amakhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni, ndipo kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba mzinda wa Kabula umasamukira kumeneko, chakudya chake ndi chisangalalo chake chomwe.

Ine ndinanyamuka ku Lilongwe Lachinayi masana. Za mumsewu ndilibe zambiri. Basi inali yodzaza, pa Lizulu anthu anagula mbatatesi ndi kabichi kudzera pawindo, ndipo mlatho wa Shire pa Zalewa tinawoloka kutada kale. Tikiti muziguliratu Lachiwiri kapena Lachitatu, chifukwa Lachinayi la Pasaka aliyense amakhala pa ulendo.

Chimene chinandikokera ku Blantyre ndi Njira ya Mtanda ya paphiri la Michiru. Msuweni wanga amakhala ku Chilomoni, ndipo wakhala akundiumiriza kuti ndidzaione ndi maso anga. Tinadzuka kusanache, koma pofika cha ku parishi ya St James tinapeza msewu utadzaza kale. Amayi atamanga zitenje za bungwe lawo, anyamata a kwaya, agogo ndi ndodo zawo, ena makanda kumbuyo, ena osavala nsapato mwadala. Si Akatolika okha ayi. Amene ndinkayenda naye pafupi anali wa CCAP, ndipo anandiuza kuti sajomba. Pa malo alionse mwa malo 14 okumbukira masautso a Yesu gulu limaima, kugwada pamiyala, kupemphera, kenaka nyimbo n'kuyambanso kutsogolo, kumatsika phiri mpaka kwa omalizira. Mtanda waukulu wa pamwambapo anaumanga potengera wa paphiri la Križevac ku Medjugorje, m'dziko la Bosnia and Herzegovina.

Tengani madzi akumwa ndi nsapato zogwira pansi. Pasaka imabwera mvula isanatheretu, ndiye njira imakhala yoterera, makamaka potsika.

Pamwamba pake mzinda wonse umaoneka, kuyambira ku Chileka mpaka ku Limbe. Koma chimene chinandigwira mtima si kukongola. Phiri la Ndirande latsala miyala ndi minda. La Soche likuonekabe zipsera za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Ndipo pa Michiru pomwe tinaimapo, mbali zina ndi zitsa zokhazokha, zina zodulidwa chakumene.

Tinatsika dzuwa lili paliwombo, miyendo ikunjenjemera, m'mimba muli gwaa chidzukire. Kunyumba kwa msuweni kunalibe wophika chifukwa onse tinali kuphiri, choncho tinayamba kufunafuna lesitilanti cha kumsika. Yoyamba inali yokhoma ndi loko. Yachiwiri anati nsima yatha, kwatsala tchipisi cha pachiwaya, koma mzere wake unali wautali ndipo njala ya kuphiri tchipisi sichingaithe. Yachitatu inali kachipinda kamodzi kuseri kwa mashopu, pakhomo pali katani wa nsalu, mkati mabenchi awiri ndi tebulo loyala pulasitiki. Panja mayi wina wachikulire ankakwecha mapoto ndi phulusa, atavala kale bulauzi yoyera ya kutchalitchi.

"Odi mayi, nsima ilipo?" anafunsa msuweni.

"Pepani ana anga, ndatseka. Ndikuthamangira mapemphero a 3 koloko."

Tinathokoza n'kutembenuka. Tisanapite patali anatiitana. Anali ataona matope amene anatimata mpaka m'mawondo.

"Kodi mwachokera kuphiri?"

"Eya mayi."

"Mwafika mpaka pamtanda? Osadya kanthu chidzukire?"

"Mpaka pamtanda, mayi."

"Iii, bwerani mukhale pansi. Ine chaka chino miyendo yandikaniza kukwera, ndiye mwandikwerera ndinu."

Anafukula makala amene anali atakwirira kale ndi phulusa pambaula, n'kuwonjezera ena pang'ono, n'kukupiza ndi chivundikiro cha poto mpaka moto unayaka. Sanatitenthetsere nsima yotsala ayi, anatereka madzi atsopano. Podikira anatitungira thobwa m'ndowa ya pakona, lozizira, la chimera cha mawere, lowawasa pang'ono ndiponso losachuluka shuga. Ndinamwa kapu yonse osapumira. Phala litabwata anayamba kuthira ufa wa mgaiwa pang'onopang'ono, akuvundula ndi mthiko, poto atamupana ndi nsalu, mpaka fungo lija la nsima yopsa linadzaza kachipinda konse. Anaomola ndi chipande mitanda yosalala, yopanda m'bulu ndi umodzi womwe, n'kutithirira madzi ofunda m'manja pabeseni.

Nyama panalibe, poti linali Lachisanu Loyera ndipo iwo tsiku limeneli saphika nyama ngakhale kasitomala atalira bwanji. Ndiwo zimene anatipatsa zinali za banja lawo, zimene anasungira adzukulu madzulo. Nkhwani wotendera, masamba anthete osadzulidwa bwino, nsinjiro zake zosinja okha mumtondo, zomveka kununkhira mtedza watsopano. Nyemba zofiira zophikidwa mpaka msuzi kulemera. Matemba a ku Chilwa owamba, okazinga ndi tomato ndi anyezi, osachuluka mafuta. Pambali kambale ka tsabola wa kambuzi. Msuweni anakana kuti tisadye ndiwo za ana, koma mayiwo anangoti nkhwani ali mbwee kuseri kwa nyumba, akathyola wina pobwera. Ndadya m'malo ambiri m'dziko muno, koma nkhwani wotere ndinamudya komaliza kwa agogo anga ndili mwana. Titamaliza mitanda yoyamba anatiwonjezera ina osatifunsa.

Tikudya, iwo anakhala pampando wa pakhomo n'kumacheza nafe. Amadzuka 4 koloko m'mawa tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Makasitomala awo ndi amisiri omanga nyumba, anyamata a kabaza, makondakitala ndi ogulitsa mumsika. Anationetsa kope la ngongole, lodzaza mayina ndi timizere, chifukwa ambiri amadya n'kudzalipira kumapeto kwa sabata. Kwa ife tchuthi ndi kupuma, koma kwa iwo ndi masiku amene amisiri sagwira ntchito, ndiye sadya, ndiponso salipira. Anadandaula za mafuta ophikira ndi shuga. Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akuti akakweza mbale makasitomala amathawira ku mandasi ndi zigumu, akapanda kukweza mpamba umatha. Njira imene anapeza ndi kuchepetsa mafuta n'kubwerera ku nsinjiro, ndipo chodabwitsa n'chakuti anthu akuzikonda koposa kale.

Ndinawafunsa kuti makala amagula kuti. Sanayankhe ndi mawu, anangoloza ndi mlomo kuphiri kumene tinachokera.

"Nanga tiphikire chiyani, bambo? Magetsi muno mulibe, ndipo kumene aliko amazimazima. Gasi ndiye silinda yake yokha ndi mpamba wanga wonse. Ifenso tikuona kuti phiri likutha. Freddy tinamuona ndi maso athu."

Nkhani imeneyi yandikhala pamtima mpaka lero. M'mawa ndinagwada pakati pa zitsa ndikumva chisoni, masana ndinakhuta nsima yophikidwa ndi mitengo yomweyo. Kudzudzula mayiwa n'kosavuta, kudzudzula mnyamata wotsika ndi thumba la makala panjinga n'kosavutanso, koma onsewa akusaka chakudya cha lero. Mzinda wa anthu oposa 800,000 umadya katatu patsiku, ndipo moto wake uyenera kuchokera kwinakwake. Malinga ngati gasi ndi magetsi zili zosafikirika kwa mayi wa lesitilanti ya mabenchi awiri, alonda a nkhalango angachuluke bwanji phiri lipitirira kumetedwa. Ndikanakonda akuluakulu a mipingo amene amatsogolera khamu lija chaka ndi chaka atamalankhula za mitengoyi mokweza, ndipo aliyense wokwera atamabweranso m'dzinja ndi mbande m'manja.

Polipira anatitchaja K3,000 mbale imodzi. Thobwa ndi nsima yowonjezera anakana ndalama yake kwamtuwagalu. Msuweni anayesa kuika ina pansi pa mbale, iwo anaiona n'kumubwezera m'thumba la malaya. Nthawi inali itadutsa kale 3 koloko. Anatseka chitseko, kumanga mpango kumutu, ndipo tinawaperekeza mpaka pachipata cha tchalitchi, kumene anakaima panja ndi ena ochedwa chifukwa mkati munali mutadzaza.

Loweruka tinalowa m'tauni. Mandala House ndi malo oyenera kufikapo ngati simunafikepo: nyumba ya m'chaka cha 1882 ya kampani ya African Lakes, yosanja, ya khonde lozungulira, ndipo pabwalo pake pali mitengo ikuluikulu ya mthunzi wabwino. Pambuyo pake tinakadya masana pa lesitilanti ina yaikulu, ya magalasi ndi mawayilesi a kanema kukhoma. Apa ndiye ndidandaule. Pepala la zakudya linali lalitali: nkhuku ndi tchipisi, pizza, burger, soseji, mpunga wokazinga. Nsima inali kumapeto kwenikweni. Ndinaitanitsa nsima ya chambo, ndipo ndinafunsa ngati pali nkhwani kapena bonongwe. Mtsikana woperekera zakudya anayankha mwaulemu ndithu kuti masamba alipo kabichi ndi repu basi. Chambo chinabwera chaching'ono, chouma ndi mafuta, nsima yozizira m'mbali, mtengo wake K18,000. Pa tebulo lonse chinthu chimene chinkakoma Chimalawi linali botolo la Nali.

Sindikumvetsa chifukwa chake malesitilanti akuluakulu amachita manyazi ndi ndiwo zathu. Mwezi wa Epulo msika wa Blantyre ndi wa Limbe umasefukira ndi nkhwani, chisoso, bonongwe, kholowa, chitambe, therere, maungu, mondokwa. Zonsezi n'zotsika mtengo kuposa nkhuku ya m'firiji. Mlendo wochokera ku Lusaka kapena ku Johannesburg sanabwere kudzadya burger, ali nazo kwawo. Ifenso eni dziko tikamatuluka ndi banja pa tchuthi timafuna chakudya chimene kunyumba sitikhala ndi nthawi yochiphika bwino: nkhuku yachikuda yophika pang'onopang'ono, chigwada chosinja, futali, nkhwani wa nsinjiro zenizeni. Luso limeneli lilipo, lili ndi amayi a m'timalesitilanti ta ku Chilomoni ndi ku Ndirande, koma palibe amawalemba ntchito m'makhitchini a m'tauni kapena kuwafunsa nzeru.

Madzulo ake msuweni ananditengera ku Kamba. Utsi wa kanyenya unali tolotolo, nyama ya mbuzi ikuthetheka pawaya, mang'ina akubwata mumphika waukulu pambali. Ukaloza chidutswa amakudulira pomwepo n'kukupatsa ndi mchere ndi tsabola. Pabenchi lathu mkangano unali wa masiku onse a mu Blantyre, Maule ndi Manoma, ndipo mlendo amafunsidwa mbali yake asanafunsidwe dzina. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono, chifukwa chenji usiku imavuta, ngakhale ambiri tsopano amalandira za pafoni. Pobwerera musadalire minibasi, pa tchuthi zimatha msanga, ndipo a kabaza usiku amakweza mtengo. Gwirizanani mtengo musanakwere.

M'mitengo ndi m'mapolo a mumsewu wa Masauko Chipembere munali mutamatidwa zikalata za zoimbaimba, zambiri za nyimbo zauzimu, zina ku Comesa Hall, zina ku Robin's Park. Ife sitinapiteko, thupi linali likumvabe phiri. Lamulungu la Pasaka tinakapemphera ku St Michael and All Angels, tchalitchi cha njerwa chimene David Clement Scott anamanga ndi amisiri a konkuno kuyambira 1888 mpaka 1891, iye wosaphunzirapo za mapulani a nyumba. N'chaching'ono poyerekeza ndi unyinji wa Akhristu a masiku ano, choncho fikani msanga. Mukatuluka zungulirani panja muone mmene anaumbira njerwa zamitundumitundu, chifukwa ambiri amangojambulitsa kutsogolo n'kumapita.

Lolemba m'mawa ndinatsikira kumsika wa Limbe kukagula za kunyumba. Nyengo ya Pasaka mapeyala a ku Thyolo ndi ku Mulanje amakhala ambiri, akuluakulu, ndipo mtengo wake sungaufanizire ndi wa ku Lilongwe. Sankhani olimba ngati muli pa ulendo, akupsa amaphwanyika m'chikwama musanafike pa Zalewa. Ndinagulanso nanazi ndi matemba a ku Chilwa. Basi yobwerera ndinakakwerera ku Wenela, ndipo poti aliyense ankathamangira ntchito Lachiwiri, inadzaza nthawi yomweyo. Kondakitala anandilipiritsa thumba la mapeyala padera.