Zaka zitatu za Kalief Browder pa chilumba cha Rikers

Mu 2010 apolisi a ku Bronx, mumzinda wa New York, anagwira Kalief Browder, mnyamata wa zaka 16, pomuganizira kuti anaba chikwama. Pa nthawiyo malamulo a kumeneko ankati aliyense amene wakwanitsa zaka 16 azizengedwa mlandu ngati munthu wamkulu, kotero mnyamatayu sanaonekere ku khoti la ana. Belo inali madola 3,000, ndalama zimene abale ake sanathe kupeza, ndipo anamutumiza kundende ya pa chilumba cha Rikers kuti akadikire mlandu wake.

Anadikira zaka zitatu. Pafupifupi zaka ziwiri mwa zitatuzo anazithera m'chitokosi cha yekha, chakudya chikumupeza kudzera pa kabowo ka pachitseko. Oimira boma pamilandu ankamuuza kuti angovomera mlandu kuti atuluke msanga, koma iye ankakana, ponena kuti sangavomere chinthu chimene sanachite. Mu 2013 mlanduwo unathetsedwa popanda kuzengedwa n'komwe. Anabwerera kwawo, anayambanso sukulu, koma mutu wake sunakhazikikenso, ndipo mu June 2015 anadzipha ali ndi zaka 22.

Anthu akamakangana za msinkhu woyenera kuti munthu azizengedwa mlandu ngati wamkulu, ambiri amathamangira kufunsa ngati mnyamata wa zaka 16 sadziwa kuti kuba n'kulakwa. Amadziwa ndithu, ndipo ine sindikutsutsa zimenezo. Chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti malire a zaka amagamula komwe mwana akagone usiku woyamba, anthu amene akagone nawo, ndiponso ngati adzapitirize maphunziro, ndipo zonsezi zimachitika khoti lisanatsimikize kuti iye ndi wolakwa. Browder sanapezeke wolakwa pa mlandu wa chikwamawo, komabe chilango anachilandira chonse.

Mu April 2017 bwanamkubwa wa chigawo cha New York pa nthawiyo, Andrew Cuomo, anasainira lamulo lokweza msinkhuwu kufika pa zaka 18. Linayamba kugwira ntchito pang'onopang'ono: a zaka 16 mu October 2018, a zaka 17 chaka chotsatira. Milandu ing'onoing'ono tsopano imapita ku khoti la mabanja, pomwe ikuluikulu imayambira m'chigawo cha achinyamata cha khoti la akuluakulu, ndipo pamenepa ndikuona kuti opanga malamulo anasiya khomo lotseguka pang'ono. Mwa zigawo zina za dziko la America, North Carolina inatsatira mu December 2019, koma Texas, Georgia ndi Wisconsin akuzengabe a zaka 17 ngati akuluakulu.

Chaka chomwecho cha 2017 Nyumba ya Malamulo ya kuno kwathu inasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana akhale munthu wosakwana zaka 18, osati 16 monga kale. Pa pepala zinayenda bwino, koma ndikaganizira za malo ochepa osungirako ana olakwira malamulo monga Mpemba ndi Chilwa, ndimadzifunsa kuti mnyamata wa zaka 17 wogwidwa Lachisanu madzulo kutali ndi Blantyre kapena Zomba amagona ndi ndani mpaka Lolemba.