Ma MX andidyera masiku atatu koma ma spam atha

Eeh koma lero ndapuma. Ku ofesi kwathu ma email achinyengo anali atatikwana, tsiku ndi tsiku ma invoice abodza, mpaka mayi a ku accounts anatsala pang'ono kulipira munthu amene sitimudziwa n'komwe. Ndiye abwana anagula filter yoti makalata onse azidutsira kaye kumeneko asanatipeze. A filter amangokupatsa maina a ma server awo, iwe ukawalembe mu MX record, kamzere kamene kamanena kumene makalata a domain yanu (dzina lija la pambuyo pa @) azikafikira, basi. Ine ndimati ndi ntchito ya mphindi khumi.

Musanagwire chilichonse fufuzani kaye kuti ma nameserver anu akuloza kuti, chifukwa ndi amene amasonyeza kumene ma record a domain yanu amasinthidwira. Ine ndinathamangira kumene tinagula domain, kusintha bwinobwino, kudikira tsiku lonse, zii. Kani DNS yathu, kaundula wa ma record amenewa, imayendetsedwa ndi a hosting amene amatisungira website ndi ma email, zonse ndinalemba zija kunali kutunga madzi ndi dengu.

Apa ndiye panandiwawa. Password ya hosting anali nayo ndi mnyamata amene anatipangira website ndipo anachoka kalekale, foni yake siyikupezeka. Ndaimbira a hosting akuti bwerani ndi kalata ya ku ofesi yokhala ndi chidindo. Ndakwera minibus m'mawa, ndakhala pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka anthu akubwerako ku lunch, envelopu ili pa bondo yachita kunyowa ndi thukuta, kenako mtsikana wa pa reception akuti amene amaona zimenezi watuluka mubwere mawa. Bwanji osandiuza pa foni pomwe paja? Mawa lakelo ndapitanso, andilipiritsa ndalama ya reset, chinthu choti munthu wadina kawiri ine ndikuona ndi maso angawa. Mpaka pano mtima sunatsike.

Ndinaiwala za TTL, nthawi imene ma server ena amasunga record yanu asanafunsenso yatsopano. Yathu inali 86400, ndi masekondi amenewo, kutanthauza maola 24, ndiye ma server ena amasungabe adiresi yakale tsiku lathunthu. Itsitseni ifike 300 kutatsala tsiku limodzi kuti musinthe. Ine sindinatero, makalata ena amadutsa ku filter ena njira yakale, abwana akungoti "achimwene, zatheka?" ola lililonse.

Pa priority paja, nambala imene imalembedwa pa MX iliyonse, yaing'ono ndi imene imayamba kulandira makalata, 10 imapambana 20. Ine MX yakale ndinaisiya pa 30 ndikuti ikhale yodalira zikavuta, kumeneko ndiye kunali kutsegulira akuba khomo lakuseri chifukwa a spam amalondola dala yomweyo kuti azembe filter. Ifufuteni. Filter ikagwa makalata satayika, server yotumiza imayesabe kwa masiku angapo. Komanso mu MX mumalemba dzina la server, osati IP, adiresi ya manambala ija.

China chinandizunguza mutu usiku, makalata akufika ku filter koma mu inbox mulibe. Mu cPanel, momwe mumasinthira zinthu za hosting, muli Email Routing, inali pa automatic ndipo itaona MX ikuloza kwina inadziika yokha pa Remote, kutanthauza kuti ma mailbox ali ku server ina. Ngati ma mailbox akadali pa server yomweyo ikani Local. SPF nayo, record yotchula ma server ololedwa kutumiza makalata m'dzina la domain yanu, musapange yachiwiri, imafunika imodzi yokha, ngati mumatumiziranso kudzera ku filter ingowonjezerani include yawo, kachidutswa kotchula ma server a filter, mu yomwe ilipoyo.

Koma TTL ija chonde, tsitsani tsiku lisanafike, ndipo musinthe Lachisanu madzulo anthu ataweruka. Kuti ndidziwe ngati MX yasintha ine ndimaona pa website ya MXToolbox, mwina kulemba nslookup -type=mx pa kompyuta. M'mawa uno mu quarantine, momwe filter imatsekera makalata okayikitsa, ndapezamo invoice yabodza ija yomwe, kwa mayi a ku accounts siinafike.