Chibaba chimabwera dzuwa likapendeka

Ndimaphunzitsa masewera olimbitsa thupi pamalo othandizira anthu amene akusiya mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti ndimathamangitsa odwala m'mawa kuti mowa utuluke ndi thukuta. Thukuta silichotsa mowa m'magazi, imeneyo ndi ntchito ya chiwindi. Yanga ndi kuthandiza munthu kudutsa maola amene kale ankadzazidwa ndi botolo kapena ndudu, pamene ubongo wake ukuphunziranso kusangalala popanda zimenezo.

Lolemba ndinayamba ndi kukaniza munthu. Bambo wina wazaka za m'ma 40, amene anamwa komaliza Loweruka usiku, anabwera atavala kale nsapato kuti athamange ndi gulu. Manja akunjenjemera, malaya ali chonyowa ndi thukuta asanayende n'komwe. Ndinawauza kuti, "Bambo, sabata ino ntchito yanu ndi kupuma ndi kumvera anamwino. Bwaloli silithawa." Anakhumudwa, koma apa sitinyengerera. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka akasiya mwadzidzidzi, zizindikiro zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24: kunjenjemera, mtima kuthamanga, BP kukwera. M'masiku awiri oyamba ena amagwa ngati akhunyu, ndipo pakatha maola 48 mpaka 72 ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe, vuto limene likhoza kupha. Nthawi imeneyi ndi ya adokotala, amene amapereka mankhwala ngati diazepam komanso vitamini B1, yemwe amasowa kwambiri m'thupi la munthu womwa mowa. Ine ndimadikira mpaka atandilola, ndipo ngakhale atero ndimayamba ndayang'ana mapazi ndi kayendedwe, chifukwa mowa umawononga mitsempha moti ena samva bwino pomwe aponda. Umafooketsanso mtima.

Gulu la Lachiwiri ndi limene limandikhala pamtima. Ndi la anthu amene atha sabata ziwiri kapena zitatu. Kunjenjemera kunatha, achibale akuganiza kuti zayamba kuyenda, koma eni ake ndi pamene akuvutika mwakachetechete. Mnyamata wina amene ankasuta chamba ndi kumwa mapilisi anandiuza kuti, "Aphunzitsi, palibe chikundikoma. Nyimbo sizikundikoma, mpira sukundikoma, ngakhale kucheza." Sikuti ndi ulesi. Mowa ndi mankhwala amenewa amachititsa ubongo kutulutsa dopamine, kemikolo yothandiza munthu kumva chisangalalo, wochuluka kuposa amene umatulutsa munthu akadya, akaseka kapena akachita bwino pantchito. Pakapita nthawi ubongo umachepetsa tizigawo timene timalandira dopamine, ndiye munthu akasiya, zosangalatsa wamba sizimvekanso. Zimenezi zimatha miyezi, ndipo ambiri amene amayambiranso amagwera pompa, chifukwa sakuona phindu la kusiya.

Ndinamufotokozera za kafukufuku amene ofufuza a ku yunivesite ya UCLA ku America anasindikiza mu 2016. Anatenga anthu amene ankasiya mankhwala osokoneza bongo otchedwa methamphetamine, ena n'kumawachititsa masewera katatu pasabata kwa sabata 8, ndipo atajambula ubongo anapeza kuti tizigawo tija tawonjezereka mwa amene ankachita masewera. Anthuwo anali ochepa, choncho sindilonjeza zambiri. Ndinangomupempha kuti ayende nane mwandawala mphindi 20, kenako andiuze mmene akumvera. Titabwerako anati mutu wapepukako pang'ono. Kwa munthu amene watha sabata zitatu osamva kukoma kwa chilichonse, "pang'ono" ameneyo ndi poyambira.

Lachitatu pamsonkhano wa ogwira ntchito tinakambirana za nthawi ya masewera, ndipo ndinalimbikira kuti gulu lalikulu lizikumana madzulo, cha m'ma 4 koloko, osati m'mawa mokha. Chifukwa chake ndi chibaba. Chibaba sichibwera mwachisawawa. Chimatsata nthawi, malo, anthu ndi mmene mtima ulili. Munthu amene kwa zaka 15 ankaweruka kuntchito n'kulunjika kumowa, thupi lake limadziwa nthawiyo ngakhale asayang'ane wotchi. M'mawa amakhala wolimba mtima, amalonjeza zonse, koma dzuwa likapendeka amayamba kuyendayenda, kupsa mtima ndi zazing'ono, kupempha foni kuti aimbire "mnzake". Anamwino amaidziwa bwino nthawi imeneyi, chifukwa ndi pamene ambiri amapempha kutuluka.

Chomwe chimatithandiza n'chakuti chibaba chili ngati funde: chimakwera, chimafika pachimake, kenako chimatsika chokha ngati munthu sanachigonjere. Vuto ndi la mphindi zapakatizo. Ofufuza a ku yunivesite ya Exeter ku England anaonetsa kuti osuta fodya akayenda mwandawala kwa mphindi 10 kapena 15, chibaba chimachepa ndipo amachedwa kuyatsa ndudu ina. Ndiye sindiphunzitsa masewera ngati chinthu chochita kamodzi patsiku n'kuiwala. Ndimafuna aliyense akhale ndi chochita chake chachifupi, chosafuna zipangizo, choti achiyambe chibaba chikangogogoda: kukwera ndi kutsika masitepe, kudumpha chingwe, kuyenda mofulumira kuzungulira nyumba. Mlangizi wina anadandaula kuti nthawiyo igundana ndi zokambirana za m'magulu, ndipo anali ndi mfundo. Tinagwirizana kuti masewera aziyamba, zokambirana zizitsatira. Ine ndaona kuti anthu amamasuka kulankhula thupi likatopako.

Lachinayi linali la zinthu ziwiri. Amayi ena safuna kuchita masewera amuna akuyang'ana, makamaka amene anachitidwapo nkhanza, choncho ali ndi ola lawolawo ndipo chitseko chimatsekedwa. Chachiwiri chinali chovutirapo. Pali mnyamata wina wamphamvu amene wayamba kunyamula zitsulo kawiri patsiku, phewa likupweteka koma osaleka, ndipo wajomba kawiri kwa mlangizi wake. Akuti zitsulo zamukwanira. Ndinakhala naye pansi n'kumuuza kuti, "Achimwene, zitsulozi sizikufunsani chimene chinakuyambitsani kumwa. Tsiku limene phewali lidzakukanizeni kunyamula, mudzatsala ndi chiyani?" Tinapangana kuti azinyamula katatu pasabata, ndipo akajomba kwa mlangizi, kujimu asabwere.

Ndimanena izi ngakhale masewera ndi ntchito yanga, chifukwa umboni womwe ulipo sukunena kuti masewera okha amachiza. Kafukufuku wamkulu wotchedwa STRIDE, amene anachitika ku America ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anayerekeza anthu ochita masewera ndi ena ongophunzira za umoyo, onse akusiya mankhwala monga cocaine. Magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni pa masiku amene anakhala osagwiritsa ntchito mankhwala. Kusiyana kunaoneka mwa amene anatsatiradi ndondomeko ya masewera. Funso lalikulu pantchito yanga ndi limeneli: munthu apitiriza bwanji ine kulibe?

Funsoli ndi limene linadzaza Lachisanu, pamene bambo wina amene watha nafe miyezi iwiri ankatuluka. Bungwe la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita masewera osachepera mphindi 150 pasabata, koma papepala lawo sindinalembe nambala yokhayo. Tinalemba masiku, nthawi yeniyeni yoweruka kuntchito, njira yoyendamo yosadutsa kumene ankamwera, ndi munthu woyenda naye. Mfundo yomalizayi ndi imene ndimaikakamira. Munthu akasiya mowa amatayanso anzake onse a kumowa, ndipo kusungulumwa kumabweza ambiri. Gulu la The Phoenix, limene linayamba ku Colorado mu 2006, linamangidwa pa mfundo yomweyi: anthu amachitira limodzi masewera kwaulere, ndipo chofunika n'chakuti munthu akhale atatha maola 48 osamwa kapena kugwiritsa ntchito mankhwala.

Mng'ono wawo, amene anabwera kudzawatenga, anandifunsa pambali kuti atani akadzaona kuti achimwene ake ayambiranso. Ndinamuuza kuti zimachitika: bungwe la NIDA la ku America, lofufuza za mankhwala osokoneza bongo, limati anthu 40 mpaka 60 pa 100 alionse amayambiranso, ndipo sizitanthauza kuti chithandizo chapita pachabe. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri si fungo la mowa, koma kuleka zimene munthu anazolowera. Akadzaona kuti nthawi yoyenda yakwana kawiri motsatizana achimwene ake ali khale, asadikire umboni wina kapena kuyamba kukalipa. Avale nsapato, awaitane kuti ayende limodzi, ndipo mawa lake atiimbire foni.