Liwu loti insurgency si uchigawenga wamba

Omasulira nkhani ambiri akaona liwu loti insurgency amangolemba kuti "uchigawenga". Vuto lake n'loti kwathu kuno chigawenga ndi aliyense, kaya woponya bomba pamsika kaya woukira boma, pomwe zinthuzi n'zosiyana.

Liwuli linachokera ku Chilatini, insurgere, kutanthauza kudzuka n'kuukira. Limanena za gulu la zida lomwe likulimbana ndi boma kwa nthawi yaitali, mobisalira, poti mphamvu zokumana ndi asilikali maso ndi maso lilibe. Chimene limafuna ndi dera loti lizilamulira komanso anthu a m'midzi oti azilimvera, kaya mwa kufuna kwawo kaya mwa mantha. Kuopseza anthu wamba ndi njira imodzi chabe.

Taonani za ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique. Pa 5 Okutobala 2017 gulu lina linaukira apolisi ku Mocímboa da Praia. Pofika Ogasiti 2020 linali litalanda tauni yonseyo ndi doko lake, mpaka asilikali a Rwanda ndi a Mozambique anailandanso mu 2021. Kugwira dera chonchi ndiye chizindikiro chenicheni.

Asilikali a boma akagwetsa pulezidenti usiku umodzi, liwuli musaligwiritse ntchito. Zipolowe za masiku atatu ayinso. Pomasulira, "kuukira boma ndi zida" kumamveka bwino.